Ndowa ya Masipeyala: Sayansi Yosungira Zipangizo za Makompyuta Akale

Lero tiyambe ndi funso looneka ngati lachibwana: ngati uli ndi chinthu, koma sukudziwa pamene chili, kapena sukudziwa ngati chimagwira ntchito, kodi chinthucho uli nacho? Musafulumire kuyankha. Ine funso limeneli linandisowetsa tulo masiku anayi, ndipo panatsala pang'ono kuti mayi wina wamasiye akaime pabwalo la amfumu chimanjamanja chifukwa cha ine.

Ndimakhala ku Chowe, kumapiri a kum'mawa kwa boma la Mangochi. Mukawoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi n'kuyamba kukwera msewu wa ku Namwera ndi ku Chiponde, kwathu n'komweko. Anzanga ena amaweta nkhunda, ena moyo wawo ndi mpira. Ine changa n'kutolera makompyuta akale, aja otuwa mbuu amene maofesi anawasiya kalekale. Ndimawatsegula, kuwapukuta, n'kuyesa kuwadzutsa.

Mwina mukuti, za chiyani zimenezo, poti foni ya m'thumba imaposa makompyuta amenewo? Zoona. Kompyuta ya IBM PC imene inatuluka mu 1981 inkayambira pa RAM ya 16 KB basi, pamene foni ya 4 GB ili ndi RAM yochuluka kuposa pamenepo maulendo oposa 250,000. Koma kompyuta yakale ndi mphunzitsi wabwino. Ziwalo zake n'zazikulu, zimaoneka, zimazuka ndi manja, ndipo ukalakwitsa sulira kwambiri. Komanso sukulu zambiri kuno kwathu zimadalira makompyuta ogwiritsidwapo kale ntchito, monga amene amatumizidwa ndi bungwe la The Turing Trust la ku Edinburgh. Kompyuta zoterezi zikakalamba, masipeyala ake sumawapezanso mushopu. Shopu yake imakhala kompyuta ina yakufa. Choncho wodziwa kusunga masipeyala ndi amene amapangitsa kuti kalasi isatsekedwe.

Tsiku limene ndowa inandichititsa manyazi

Munali mu Febuluwale, Lolemba madzulo, mvula ikungowirira. Ndinamva njinga yamoto ikuima panja.

"Odi kuno! Ndinu bambo aja mumakonza makompyuta?"

"Eya mayi, lowani, pepani ndi mvulayi."

Anatula kompyuta yokulungidwa m'chitenje. "Iyi inali ya malemu bambo a kunyumba. Anandiuza kuti kalata ya munda anaijambula n'kuisunga m'menemu. Kalata yeniyeniyo inadyedwa ndi chiswe. Lachisanu tikukaonekera kwa amfumu, achibale ena akuti mundawo si wathu."

Inali kompyuta ya Pentium 4 yokhala ndi Windows XP, ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Nditaiyatsa, fani inazungulira, koma sikirini inangokhala bii, kompyutayo n'kumangolira kuti piii, piii. Kulira kotere kawirikawiri kumaloza ku RAM.

Kuti timvane, taganizirani mayi akukonza chimanga. Hard disk ndi nkhokwe, m'mene zinthu zimakhala ngakhale magetsi athime. RAM ndi lichero, pamene pamaikidwa zokhazo zimene zikugwiridwa panthawiyo. Purosesa ndiye mayi wopetayo. Lichero likabooka, ntchito imaima ngakhale nkhokwe ili yodzaza. Ndiye ndinadziwa kuti kalata ija mwina ili bwinobwino, chofunika n'kupeza lichero lina.

"Musadandaule mayi, ma RAM ndili nawo ambiri. Mawa mubwere mudzatenge."

Matama amenewo! Masipeyala anga onse ankakhala mundowa imodzi ya malita 20 kuseri kwa chitseko. Nditaikhuthula ndinapeza ma RAM 11. Asanu sanalowe n'komwe chifukwa anali a mtundu wina. Ena anali ndi zobiriwira m'mano. Pansi pa ndowa panali batire lakale litadontha, litayeretsa zonse zoyandikana nalo. Ndinati chabwino, ndizule hard disk ndikaiwerengere pa kompyuta ina. Chingwe chake chotakata chija, cha mabowo 40, ndinachipeza chitatafunidwa ndi makoswe. Choipa kwambiri n'chakuti sindinkadziwa kuti mwa ma RAM otsalawo wamoyo ndi uti, wakufa ndi uti. Kompyuta ikakana kuyaka, sindinkatha kunena ngati vuto ndi RAM kapena motherboard.

Lachiwiri mayi aja anabwera, n'kubwerera. Lachitatu anabweranso, ndalama ya njinga ikupita. Sanandikalipire ayi. Anangoti, "Ngati zakanika mungondiuza, bambo." Mawu amenewo anandipweteka kuposa kutukwanidwa.

Lachinayi m'mawa, nditapukuta mano a RAM imodzi ndi labala yofufutira pensulo, kompyuta inayaka. Kalata inalimo, yokhala ndi mayina a mboni, ziwiri mwa izo zikadali moyo. Munalinso zithunzi za malemuwo atanyamula ana. Ndinakopera zonse pa fulashi, mayi aja n'kuthamangira kuboma kukasindikiza. Zinayenda, koma mwamwayi chabe. Ndipo sayansi sidalira mwayi. Kuyambira sabata imeneyo ndinayamba kufunsa mafunso awiri: n'chiyani chimapha masipeyala ali chikhalire, nanga ndingawasanje bwanji kuti ndiziwapeza msanga?

Mdani woyamba: chinyezi

Mukukumbukira zoyeserera za misomali m'machubu atatu? Msomali wa m'madzi ndi mpweya umachita dzimbiri. Wa m'madzi owiritsa otsekedwa ndi mafuta pamwamba suchita. Wa mumpweya wouma suchitanso. Phunziro lake n'lakuti dzimbiri limafuna zinthu zitatu pamodzi: chitsulo, madzi ndi okosijeni. Chotsani chimodzi, dzimbiri lagwa nayo.

Okosijeni sitingamuthawe, koma madzi tingawachepetse. Vuto n'lakuti madziwo saoneka, ali mumpweya. Botolo la chakumwa chozizira likamachita thukuta, madzi aja sachokera m'kati mwa botolo. Ndi nthunzi ya mumpweya imene yakhudza chinthu chozizira n'kusanduka madontho. Zomwezo zimachitika pa zitsulo za m'kompyuta usiku kukazizira, makamaka m'dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi. Chitsulo chimafiira, pamene kopa amabiriwira. Mano a RAM amakutidwa ndi golide chifukwa golide sachita dzimbiri, koma golideyo ndi wopyapyala zedi. Akakandika, chitsulo cha pansi pake chimayamba kudyeka.

Mankhwala ake ndi chidebe chotseka bwino ndi timapaketi ta silica gel, tija mumatipeza m'bokosi la nsapato zatsopano kapena m'botolo la mankhwala, tolembedwa kuti musadye. Silica gel ndi silicon dioxide, mbale wake wa mchenga wa kunyanja, koma ali ndi timabowo tosaoneka ndi maso tambirimbiri. Timabowo timeneti timakoka nthunzi, mpaka kufika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake. Akakhuta amaleka kugwira ntchito, koma mukamutenthetsa pang'onopang'ono pa madigiri pafupifupi 120 madzi amatuluka, n'kuyambiranso. Ine ndimakhuthulira timibuluto m'kachitini, n'kukaika pa makala ozirala. Kumbukirani kuti paketi imathandiza m'chidebe chotseka chokha. Mukaiika poyera ndiye kuti mwaituma kuti iumitse mpweya wa Mangochi yense.

Chinanso, osaika katoni pansi pa simenti kapena kuigunditsa kukhoma, chifukwa zonsezi zimatulutsa chinyontho. Thandala kapena shelefu ndiye malo ake.

Mdani wachiwiri: kutentha

Aliyense wa ku Mangochi amaudziwa Okutobala. Kuno ku Chowe timapumako chifukwa tili pamtunda, koma pansi pa malata masana ndi ng'anjo ndithu. Mu Chemistry munaphunzira kuti kutentha kumafulumizitsa kusintha kwa zinthu. N'chifukwa chake usipa wauwisi suchedwa kununkha m'chilimwe kusiyana ndi mu Juni.

Pa motherboard pali tizinthu tooneka ngati timigolo, totchedwa ma capacitor. Ntchito yake n'kusunga magetsi pang'ono n'kumawatulutsa kuti mphamvu iziyenda mosadukiza. Ambiri mwa iwo ali ndi timadzi m'kati, ndipo timadzito timauma pakapita zaka. Akatswiri ali ndi lamulo loyerekezera: kutentha kukakwera ndi madigiri 10, moyo wa capacitor umafupika ndi theka.

Tiyeni tiwerengere. Tinene kuti capacitor inapangidwa kuti ipirire maola 2,000 pa madigiri 105. Pa 95 ikhala maola 4,000. Pa 85, maola 8,000. Pa 75, maola 16,000. Pa 65, maola 32,000, zomwe ndi zaka zitatu ndi theka n'kanthu. Mukatsika mpaka 45 mupeza maola 128,000, zaka zoposa 14. Mwaona? Kusiyana kwa madigiri 20 okha kwachulukitsa moyo kanayi. N'chifukwa chake fani yodzaza fumbi imapha kompyuta, ndipo n'chifukwa chake masipeyala sayenera kukhala kudenga kapena pawindo pofika dzuwa.

Capacitor yabwino pamwamba pake pamakhala pafulati. Yotupa, kapena yotuluka zofiirira, yatha. Makompyuta ambiri opangidwa kuyambira cha mu 1999 mpaka m'katikati mwa zaka za m'ma 2000 ali ndi vutoli, chifukwa nthawi imeneyo kunagulitsidwa ma capacitor ambiri okhala ndi timadzi tosapangidwa bwino. Ndikalandira motherboard ya zaka zimenezo, maso anga amayambira pamenepo.

Mdani wachitatu: magetsi obisala m'thupi

Munakhutizapo rula ya pulasitiki m'tsitsi n'kutola timapepala? Kapena kuvula juzi mumdima mu Julayi n'kumva ikuthetheka? Zinthu ziwiri zikakhudzana n'kulekana, ma electron amasamuka kuchoka ku chimodzi kupita ku chinzake. Thupi lanu limatha kusonkhanitsa mavoti masauzande osadziwa. Sakuphani chifukwa kuchuluka kwa magetsiwo n'kochepa kwambiri. Munthu amayamba kumva kubaya akafika pa mavoti pafupifupi 3,000, koma tizipangizo tina ta m'kompyuta timaonongeka ndi mavoti osakwana 100. Ndiye kuti mukhoza kupha RAM osamva kanthu, osaona kanthu. Tinjira ta m'kati mwake n'tating'ono kuposa tsitsi kutalitali, moti kamoto kakang'onong'ono kamatiotcha.

Apa pali chodabwitsa. Mpweya wa chinyezi umathandiza kuti magetsi amenewa azituluka okha, pamene mpweya wouma umawasunga. Choncho m'dzinja timalimbana ndi dzimbiri, m'chilimwe timalimbana ndi magetsi obisala. Mdani mmodzi akapita kutchuthi, mnzake amalowa ntchito.

Malamulo anga ndi atatu. Ndisanagwire kanthu ndimayamba ndakhudza chitsulo chachikulu, monga bokosi la kompyutayo, kapena paipi yachitsulo yolowa pansi. Bolodi iliyonse ndimaigwira m'mbali, ngati mmene mumagwirira chithunzi, osakhudza mano ake. Ndipo sindiika RAM kapena motherboard mujumbo wamba, chifukwa jumbo ndi rula ija ndi amodzi. Timatumba tabwino ndi tija totuwa monyezimira timene mumabwera hard disk yatsopano. Muli kansalu kachitsulo kopyapyala kamene kamapititsa magetsi kunja kwa thumba m'malo molowa m'kati. Mukatisowa, envulopu ya pepala ndi yabwinoko kusiyana ndi jumbo.

Mdani wachinayi: batire loiwalika

Kompyuta imadziwa bwanji tsiku ndi nthawi ikakhala yozima? Pa motherboard pali kabatire kooneka ngati ndalama yachitsulo, kolembedwa CR2032. Manambalawo ali ndi tanthauzo: mamilimita 20 m'mimba mwake, mamilimita 3.2 kuchindikala kwake. Kamatulutsa mavoti 3. Kakatha, kompyuta imaiwala deti n'kubwerera ku chaka chakale nthawi iliyonse mukaiyatsa.

Makompyuta akale kwambiri, a 386 ndi 486, ambiri anali ndi batire looneka ngati kamgolo, la nickel ndi cadmium, lowotchereredwa pa bolodi. Likakalamba limadontha potassium hydroxide, amene amadya tinjira ta kopa mpaka kutidula. Mabatire wamba a alkaline nawonso amadontha zomwezo. Loterolo ndi limene linaononga zinthu mundowa yanga ija.

Anthu ambiri amati batire ladontha asidi, koma potassium hydroxide ndi alkali. Ndiye mwa zimene munaphunzira, alkali timamuthetsa ndi chiyani? Asidi wofooka. Viniga wa kukhitchini ali ndi acetic acid, ndipo akakumana zimatuluka mchere ndi madzi:

KOH + CH₃COOH → CH₃COOK + H₂O

Ndimadonthezera viniga pang'ono, kutsuka ndi kamswachi kakale, kenako kupukuta ndi sipiriti kuti asidi asatsalire, n'kuumitsa bwinobwino. Tetezani maso, ndipo musambe m'manja mukamaliza. Koma kupewa kumaposa kuchiza: bolodi iliyonse yopita kokasungidwa ichotsedwe batire. Timabatire tozungulira tija timateni tepi lililonse palokha, chifukwa tikagundana ndi zitsulo timatha mphamvu kapena kutentha. Ndipo tizikhala patali ndi ana. Mwana akameza, kamaotcha kummero m'maola ochepa, ndipo ameneyo ndi wothamanga naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Adani ena: alendo osaitanidwa ndi maginito

Mphemvu zimakonda malo ofunda ndi amdima, ndipo zitosi zake zimadya zitsulo. Makoswe amatafuna mawaya chifukwa mano awo akutsogolo saleka kukula. Buluzi akalowa mu power supply n'kugunda mbali ziwiri za magetsi, amafa iye pamodzi ndi chipangizocho. Chidebe chotseka chija chimathetsa zonsezi.

Nanga maginito? Ma floppy, timadisiki tija ta mainchesi 3.5 tosunga 1.44 MB, timalemba uthenga potembenuza timaginito tating'onoting'ono pa kapulasitiki kozungulira. Mukakagoneka pa sipika yaikulu, maginito a sipikayo akhoza kusokoneza zolembedwazo. Kampani ya Sony inasiya kupanga ma floppy mu 2011, choncho amene alipo ndi omwewo. Hard disk nayo imalemba ndi maginito, koma mdani wake wamkulu ndi kugwa. Mbale zake zimazungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi, kamutu kowerengera kakuyandama pafupi kwambiri moti kafumbi kamodzi ndi phiri kwa iko. Iliyonse izikhala payokha, yokulungidwa, osaunjikana.

Kusanja m'magulu ndi sayansinso

Mu 1869 Dmitri Mendeleev anasanja ma element 63 amene ankadziwika nthawi imeneyo. Atawaika m'mizere anaona mipata, n'kunena kuti pali ena amene sanapezeke. Mu 1875 gallium anapezeka, n'kulowa pa umodzi mwa mipatayo. Phunziro lake n'lakuti zinthu zosanjidwa bwino zimakuuza zimene uli nazo, komanso zimene ulibe. Ndowa siingakuuze zimenezo.

Tengani chitsanzo cha RAM ya makompyuta a patebulo. Mukaiona patali yonse imafanana, koma ayi:

SDRAM ili ndi mano 168, mipata iwiri, mavoti 3.3.
DDR ili ndi mano 184, mpata umodzi, mavoti 2.5.
DDR2 ili ndi mano 240, mpata umodzi, mavoti 1.8.
DDR3 ili ndi mano 240, mpata umodzi koma pamalo ena, mavoti 1.5.

Kampata kaja si kokongoletsa. Anakaika dala pamalo osiyana kuti munthu asalowetse RAM ya mavoti ochepa pamalo a mavoti ambiri. Ikakana kulowa musaikakamize, ikukuuzani kuti kuno si kwawo. Kompyuta ya mayi aja inkafuna DDR, ndipo asanu amene anakana aja anali DDR2.

Ngakhale masikuluu ali ndi mitundu. A mazinga akuluakulu, otchedwa 6-32, ndi a bokosi ndi hard disk. A mazinga ang'onoang'ono, otchedwa M3, ndi a CD ndi floppy. Mukasinthanitsa mumaononga mazinga. Ine ndimawaika m'timabotolo ta mankhwala totsukidwa, mtundu uliwonse botolo lake.

Tsopano m'malo mwa ndowa ndili ndi zidebe zolembedwa zilembo: A ya RAM, B ya hard disk, C ya zingwe, D ya ma motherboard, E ya mafani ndi ma power supply. Chinthu chilichonse chimalandira nambala pa katepi ka pepala, monga A-07. Tepiyo imamatidwa pa envulopu, osati pa mano. Kenako ndimalemba mukope mzere umodzi: nambala, dzina, kumene chinachokera, tsiku limene ndinachiyesa, ndi zotsatira. Mwachitsanzo: A-07, DDR 512 MB, yochokera mu Pentium 4 yakufa motherboard, yayesedwa pa 3 Meyi, ikugwira. Bwanji kope osati kompyuta? Chifukwa tsiku limene ndikufuna sipeyala ndi lomwelo limene kompyuta yafa, kapena magetsi athima.

Mzati wofunika kwambiri mukope ndi wa zotsatira. Muli mawu atatu okha: IKUGWIRA, YAKUFA, SINAYESEDWE. Paja amati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. RAM yonyezimira ikhoza kukhala yakufa, yothimbirira n'kukhala yamoyo. Ndiye ndimasunga kompyuta imodzi imene ndikudziwa kuti chilichonse m'menemo chili bwino. Ndikafuna kuyesa RAM, ndimasintha RAM yokha, zina zonse osazikhudza. Ikayaka, RAM ndi yabwino. Ikakana, wolakwa wadziwika. Limeneli ndi lamulo lomwe lija la mu labu: sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Sabata ya mayi aja ndinkasintha zinthu ziwiri zitatu nthawi imodzi chifukwa cha phuma, n'chifukwa chake ndinazungulira masiku anayi.

Si zonse zoyenera kusunga

Matenda a anthu otolera zinthu ndi akuti "mwina chidzafunika". Mukawalekerera, nyumba imasanduka dzala, ndipo chabwino chimakwiririka ndi zachabe. Ine ndinadziikira malire. Chosowa, monga zingwe za mabowo 40 kapena DDR, ndimasunga zonse zamoyo. Chopezeka paliponse, monga zingwe za magetsi, zitatu zakwana. Chakufa chimapita m'katoni yakeyake, ndikachotsako zothandiza.

Ndipo zothandiza zilimo. Mu hard disk yakufa muli maginito amphamvu a neodymium, abwino pa phunziro la maginito, koma samalani, amapana zala. Fani ya mavoti 12 imazungulira bwinobwino pa batire la sola. William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, ali ndi zaka pafupifupi 14 anamanga makina opukusa magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito njinga yakale, fani ya thirakitala, mapaipi apulasitiki ndi mitengo ya bulugamu. Anthu ankaona zinyalala, iye ankaona masipeyala, chifukwa ankadziwa ntchito ya chilichonse.

Zotsalazo musaziotche, musazitaye m'mtsinje kapena m'chimbudzi. Mabolodi akale anawotchereredwa ndi mtovu, umene umaononga ubongo makamaka wa ana, ndipo utsi wa mawaya ndi poizoni. Madzi otsika m'mapiri athu ano amakathera ku Shire ndi ku Malombe, komwe timagula nsomba. Lipoti la Global E-waste Monitor la 2024 linati mu 2022 dziko lonse linataya matani 62 miliyoni a zipangizo zamagetsi, ndipo zimene zinalembedwa kuti zakonzedwanso moyenera sizinafike ngakhale kota. Sipeyala iliyonse imene yadzutsa kompyuta yachepetsako mulu umenewo.

Chenjezo lalikulu

Zinthu ziwiri musatsegule: power supply, ndi sikirini yakale ya chimsana ija. Magetsi athu ndi a mavoti 230, ndipo ma capacitor aakulu a mu power supply amasunga mavoti oposa 300 ngakhale mutazula kukhoma. Sikirini ya chimsana imagwira ntchito ndi mavoti oposa 20,000, ndipo galasi lake likasweka limaphulika. Zimenezi sizili ngati za juzi zija, izi zimapha. Musanagwire m'kati mwa kompyuta iliyonse zulani chingwe, ndipo pakhale aphunzitsi kapena wamkulu wodziwa.

Yesani nokha

1. Tengani misomali iwiri yatsopano ndi mabotolo awiri otseka. M'limodzi ikani msomali ndi kathonje konyowa, m'linalo msomali ndi mapaketi a silica gel. Lembani zimene mukuona tsiku lililonse kwa sabata ziwiri. N'chifukwa chiyani mabotolowo ayenera kukhala pamalo amodzi?

2. Capacitor ina imapirira maola 1,000 pa madigiri 85. Ikhala maola angati pa madigiri 55? Nanga ndi masiku angati?

3. Fotokozani chifukwa chake soda wophikira sangathandize pa batire la alkaline lodontha, pamene viniga amathandiza.

4. Pemphani aphunzitsi kuti kalabu yanu ya sayansi ione makompyuta akufa amene ali m'stolo ya sukulu. Lembani ndandanda ya ziwalo zake, chilichonse nambala yake. Mukhoza kupeza kuti mwa atatu akufa mutuluka imodzi yamoyo.

Tibwerere ku funso lija. Tsiku limene mayi aja anagogoda ndinali ndi ma RAM 11, koma kunena zoona ndinalibe ngakhale imodzi. Lero ndili ndi ma DDR anayi okha m'chidebe A, koma ndikudziwa pamene ali, tsiku limene ndinawayesa, ndi kompyuta imene angalowe. Wina akagogoda usiku uno, mphindi ziwiri zandikwanira. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Ndowa ija ikadalipo. Masiku ano timatungira madzi.